Manja a Amayi Masiye

Ife a mumphakati wa Monika Woyera ku Chinsapo tidakhala zaka khumi ndi ziwiri tikudabwa ndi chinthu chimodzi pa Amayi Vaileti Masiye. Munthu wokonda ana ngati iwowo sitidamuonepo, koma khanda ankakana kulinyamula. Pa tsiku la ubatizo, azimayi akamalandirizana makanda pabwalo la tchalitchi, iwo ankaima chapatali, manja atabisa kumbuyo, akumwetulira koma misozi ili m'maso. Ena tinkati ndi matama a anthu ogwira ntchito kuchipatala. Ena, poti pakamwa salipira msonkho, tinkanong'ona zoipa kuposa pamenepo. Tsopano adatisiya, ndipo eni ake adalola kuti nkhaniyi idzanenedwe iwo akadzapita. Tiyeni tiinene, kuti ife tidanong'onafe manyazi atigwire bwinobwino.

Adabadwa m'chaka cha 1955 m'mudzi wina kufupi ndi Linthipe, m'boma la Dedza. Sukulu adalekezera Sitandade 4, chifukwa kunyumba kunali azing'ono awo asanu ofuna mlezi. Anzawo a paubwana amati Vaileti anali mwana wa maso akutali. Akatumidwa kumadzi, ankapezeka atakhala pachitsime, mwana ali kumsana, akuyang'ana mitambo ikuyenda m'madzi a m'ndowa. Katekisimu yekha ndiye ankawalowa msanga, ndipo mapemphero onse ankawadziwa pamtima asanalandire Ukalistia woyamba.

Mu 1974 adakwatiwa ndi Bambo Nedson Masiye, mmisiri womanga nyumba, munthu wosayankhulayankhula. Chaka chotsatira adaima, ndipo dzina la mwanayo adalisankhiratu mumtima osauza munthu, ngakhale amuna awo. Koma chakudza sichiyimba ng'oma. Mwana adabadwa ndi miyezi isanu ndi iwiri, kamtsikana, nakhala masiku awiri okha. Mwa mwambo wa kumudziko, mwana wotere ndi nthayo. Azimayi achikulire adamukulunga m'kansalu m'mawa, napita naye kudambo, popanda amuna, popanda nyimbo, ndipo mayi wake adamuletsa kulira. Mwana adapita wopanda dzina, wopanda ubatizo. Patapita miyezi ndi pamene mphunzitsi wa katekisimu adawauza kuti pangozi ya imfa mkhristu aliyense angathe kubatiza. Mawu amenewo adawapyoza mumtima, pakuti madzi anali pomwepo, m'mtsuko, pafupi ndi mphasa.

Kuyambira pamenepo ankalota loto limodzi kawirikawiri. Ankaona dambo lodzaza nkhungu, udzu wonyowa, ndi kamwana kataima kutsidya, katafulatira, ngati kakudikira kuitanidwa. Iwo ankatsegula pakamwa kuti atchule dzina lija, koma mawu osatuluka. Akadzuka, ankagwada pambali pa bedi n'kulonjeza Mulungu kuti mwana amene iwo adzamuone ali pangozi sadzapita wopanda mtanda pamphumi.

Pamene mzinda wa Lilongwe unkamangidwa, banjali lidabwera kudzafuna ntchito. Adayamba akhala ku Kawale, kenaka adapeza kamalo kuno ku Chinsapo, kukadali minda ya chimanga ndi nyumba zowerengeka. Mulungu sadawapatsenso mwana wina. Abale a mwamuna adavuta kuti akwatire wina, koma Bambo Nedson ankangoyankha kuti, "Ndinalumbira kamodzi, ndipo kutchalitchi sindinapite ndi mbuzi, ndinapita ndi mkazi wanga." Bamboyu adamwalira mu 1990, ndipo chaka chotsatira Amayi Masiye adalembedwa ntchito yosesa ndi kukolopa pachipatala china chachikulu mumzinda muno.

Adawaika ku nazale, chipinda chimene amasungira ana obadwa masiku asanakwane ndi ena odwalika. Iwo ankati tsiku loyamba kulowamo adaona ngati alowa m'loto lawo lija. M'chipindamo munali motentha ngati mwezi wa Okutobala ngakhale kunja kuzizire. Nyali zabuluu zinkawala pa timatupi, makina a mpweya ankang'ung'udza osalekeza, ndipo ana ena kulemera kwawo sikunkaposa paketi ya shuga. Malo ankachepa, motero pabedi limodzi pankagona ana awiri, nthawi zina atatu. Amayi Masiye ankakolopa pang'onopang'ono, mopu ikuyenda, milomo ikuyendanso ndi kolona. Ankafunsa mayi aliyense dzina la mwana wake, ndipo amene analibe dzina ankamutchula ndi dzina la amake popemphera.

M'thumba la yunifomu yawo munkakhala kabotolo kakale ka mankhwala a chifuwa. M'menemo ankasungamo madzi odalitsidwa a pa Pasaka, ndipo akachepa ankakawonjezera kutchalitchi. Mayi akawapempha, ankatseka pakamwa pa kabotolo ndi chala, n'kupendeketsa, n'kulemba mtanda pamphumi pa mwana. Akatero ankapita pabedi lina, chala chomwecho, kabotolo komweko. Opempha anali ambiri, ngakhale a mipingo ina, pakuti mayi amene mwana wake akupumira makina sasankha pemphero. Mwana akafika potsirizira ankamubatiza. Ankachita zimenezi mwakachetechete, anesi akakhala atatanganidwa, ndipo adazichita zaka makumi awiri ndi ziwiri ndi mtima woyera.

Dzinja la 2013 ku nazale kudagwa tsoka. Mwana amene dzulo amayamwa bwino, lero wasiya, mimba yatupa, thupi lazizira. Amubaya jakisoni wa masiku onse, osamva. Amusinthira wina wamphamvu, osamvabe. A ku labotale atayeza magazi adati ndi kachilombo kamene kadazolowera mankhwala, kotero kuti otsala oti n'kukapha anali a mtundu umodzi wokha, osowa kwambiri. M'masabata atatu ana asanu ndi anayi adapita. Koma abale inu, m'khonde la chipatala munali kulira kwa azimayi kosati n'kuiwala!

Mkulu wa anesi pa nazalepo anali a Ennie Gondwe, mayi wamtali wa kumpoto, wolankhula mosapsatira. Adasonkhanitsa onse, kuyambira madokotala mpaka okolopa.

"Kachilomboka kalibe mapiko," adatero a Gondwe. "Kakuyenda ndi ife. Lero a ku labotale apaka thonje pa chilichonse chimene chimakhudza mwana, masinki, mapaipi a mpweya, mafoni, manja athu. Amene ali ndi kanthu kena kamene sindikukadziwa, anene pompano."

Amayi Masiye adatambasula manja awo kuti awapake thonje, koma za kabotolo adakhala chete. Ankamva kakuwalemera m'thumba. Mumtima ankati, madzi amene wansembe adawadalitsa angaphe bwanji mwana? Ndiponso ankaopa. Kupuma pa ntchito kunali kutatsala zaka ziwiri, ndipo mayi wamasiye wopanda mwana akachotsedwa ntchito amalowera kuti? Tisawabisire, pakuti iwo eni sadabise: adakhala chete masiku anayi.

M'masiku amenewo munali Tamara, mtsikana wa ku Biwi wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, amene adabereka mapasa osakwana masiku, Levi ndi Thokozire. Mawa lake la msonkhano uja adawagwira chitenje Amayi Masiye pakhomo la nazale.

"Amayi, ndamva kuti muli ndi madzi a kutchalitchi. Ana akutha muno. Ndidalitsireni anga, ndapota nanu."

"Amake mapasa, tingopemphera chabe lero," adayankha iwo.

"Ayi, Amayi. Ena munawadalitsa, anga alakwa chiyani?"

Amayi Masiye adagonja, nalemba mtanda pamphumi pa onse awiri. Patapita masiku awiri Levi adasiya kuyamwa. Tsiku lachitatu masana, mpweya ukumuthera, Tamara adawapemphanso, ndipo adamubatiza ndi madzi a m'kabotolo komweko. Dzuwa lisanapendeke mwana adatsirizika.

M'mawa mwake itatha Misa, Amayi Masiye adadikira Bambo Mfumu panja pa tchalitchi, nawaonetsa kabotolo, nawafotokozera zonse.

"Bambo, kodi madzi odalitsidwa angadetsedwe?"

Wansembeyo adakayang'ana kabotoloko nthawi yaitali. Pansi pake panali timatope toyera.

"Amayi, madzi odalitsidwa amakhalabe madzi," adatero. "Dalitso silikhala m'botolo. Mulungu amene adalenga madzi ndi yemweyo adapatsa nzeru anthu a ku labotale. Kaperekeni lero lomwe, musadikire mawa."

Adayenda wapansi kuchokera ku Chinsapo mpaka kuchipatala, osakwera minibasi, ngati munthu woyenda m'tulo. Ankati msewu wonse ankangoona nkhungu ya kudambo lija ngakhale dzuwa linali litakwera. Atafika adaika kabotolo patebulo pa a Gondwe, nagwada pansi.

"Amayi Masiye!" adakuwa a Gondwe atamva. "Zaka zonsezi? Ndipo tsiku lija ndikufunsa munali pomwepo! Mwatilakwira, mwalakwira ana awa!"

"Ndalakwa, a Nesi. Ndichotseni ntchito, n'zondiyenera. Koma yezani kaye madziwo."

A Gondwe adapumira m'mwamba, nagwira mutu. Kenaka adafunsa ngati angakumbukire ana amene adawakhudza masabata awiri apitawo. Apa ndi pamene Mulungu adaonetsa kuti pemphero silitayika. Amayi Masiye ankatchula ana onsewo pa kolona tsiku ndi tsiku, motero adawatchula mmodzimmodzi, dzina, bedi ndi tsiku, ana khumi ndi anayi, osaphonya. Anesi adawapatula anawo nthawi yomweyo, aliyense pabedi lake, nawayeza magazi. Asanu adapezeka ndi kachilombo asanayambe kufooka, ndipo adayamba kulandira mankhwala osowa aja nthawi ikadalipo. Mmodzi mwa asanuwo anali Thokozire, mlongo wake wa Levi. Onse asanu adachira.

Zotsatira za kabotolo zitabwera, kachilombo kadapezekamo. A Gondwe adaitana Amayi Masiye, mkwiyo utatsika.

"Takapezanso m'sinki ndi m'mapaipi a mpweya," adatero. "Palibe anganene motsimikiza kuti Levi anakatenga kuti. Mwina kanalowa m'botolo lanu kuchokera muno momwe. Koma botololo linali minibasi yake, yokweza pabedi ili n'kukatsitsa pabedi lija."

Amayi Masiye sadafune kubisala kuseri kwa mawu akuti mwina. Adapita okha kwa Tamara, amene adakhala pakona atafungatira Thokozire pachifuwa, nagwada, namuuza zonse, ngakhale za masiku anayi aja. Tamara adawayang'ana ndi maso ouma.

"Munkadziwa kuti akufunsa, n'kukhala chete? Manja anuwo asadzakhudzenso mwana wa munthu!"

"Ndamva, amake mapasa," adayankha iwo. "Sadzakhudza, mpaka mutadzawamasula inu nomwe."

Madzi akatayika saoleka. Mawu a mtsikana wosweka mtima iwo adawalandira ngati lumbiro, ndipo n'chifukwa chake tinkawaona atabisa manja kumbuyo. Chimene ankalakalaka pa moyo wawo wonse wotsala chinali chimodzi, kuti Tamara adzawakhululukire iwo asanafe.

Ntchito sadawachotse. A Gondwe adawapepesera kwa akuluakulu, nati munthu woulula ndi wosowa kuposa mankhwala. Adawapatsa chenjezo, kenaka adawaika pakhomo la nazale ndi ndowa ya mpopi, sopo ndi beseni. Pamenepo ndi pamene adapeza utumiki wawo weniweni. Panalibe wodutsa osasamba, ndipo kusamba kwake sikunali kongonyowetsa zala. Ankati munthu apake sopo mpaka atamaliza Tikuoneni Maria mmodzi, wosathamangitsa. Dokotala wina wachinyamata adafuna kulowa chothamanga, foni ili kukhutu, koma adapeza mopu itapingasa pakhomo.

"Adokotala, sukulu munapita ndinu, ine ndinalekezera folo," adatero Amayi Masiye. "Koma pakhomo pano ahedi ndine. Sambani."

Mayi wina wa ku Kawale, dzina lake Ruqayyah, adaseka atauzidwa za pempherolo. "Ine ndine Msilamu, Amayi."

"Ndiye mukundiposa, inu mumasamba kasanu pa tsiku. Nenani lanu, bola likhale lalitali."

M'kati mwa nazale zinthu zidasinthanso. Mapaipi ankatsukidwa ndi kolorini, ana odwala ankagona padera, ndipo jakisoni wamphamvu sankaperekedwa chisawawa magazi asanayezedwe. Patatha masabata asanu ndi limodzi mliri udatha. Amayi Masiye ankadalitsabe ana, koma ali pakhomo, akulemba mtanda m'malere. Adapempha anesi awiri achikhristu kuti mwana akafika pangozi ndipo mayi wake wapempha, azimubatiza iwowo ndi madzi owiritsa, atavala magolovesi. Ankakonda kunena kuti, "Sopo nayenso ndi wa Mulungu."

Adapuma pa ntchito mu 2015, koma ankapitabe katatu pa sabata kukakhala pandowa paja mongodzipereka. Kumphakati kuno, tikatha kugawana Mawu, ankatidzudzula za makapisozi ogula pamsika, awiri lero, awiri mwezi wamawa. Ankati kachilombo ukakamenya mosamaliza kamaphunzira ndewu, ndipo kakakula kamakaphera mwana wa mnzako kuchipatala. Ena tinkatopa nawo, tisaname. Chaka chilichonse ankaperekera Misa mwana wina dzina lake Levi, ife osadziwa kuti ndi wa yani. Kamodzi adapita kwa Tamara ku Biwi ndi kankhuku m'manja, koma chitseko chidatsekedwa iwo akuona. Adabwerera osadandaula, nkhukuyo n'kupatsa mayi wina wodwala wa mumphakati mwathu.

Chaka chino mtima udayamba kuwavuta, miyendo n'kutupa. Pofika mwezi wa Juni sankadzukanso. Bambo Mfumu adabwera kudzawadzoza mafuta a odwala, ndipo azimayi a mumphakati tinkasinthana powadwazika. Sankabuula. Ankangoyang'ana kuwala kolowera pazenera, fumbi likuvina m'menemo, n'kumati nkhungu ya kudambo yayamba kupepuka. Tsiku lina adatiuza nkhani yonseyi, kuyambira ku Linthipe, namaliza ndi mawu akuti, "Mulungu adandikhululukira kalekale, ndikudziwa. Koma ndikadakonda ndikadamva ndi pakamwa pa amake mapasa aja."

Lachisanu lina masana kudamveka odi pakhomo. Adalowa mayi wa zaka ngati makumi atatu, khanda lili pachifuwa, pambuyo pake mtsikana wamsinkhu wa Sitandade 7. Amayi Masiye adamuzindikira nthawi yomweyo, ndipo mwachizolowezi adabisa manja m'bulangete.

"Amake mapasa," adanong'ona.

"Ndine, Amayi. Uyu ndi Thokozire, wakula." Tamara adakhala pansi pamkeka. "Uyu winayu wabadwanso masiku asanakwane. Ndakhala naye ku nazale komwe kuja masabata awiri. Pakhomo ndinapeza ndowa, ndi mayi wina wosalola munthu kudutsa asanamalize pemphero. Mwana aliyense pabedi lake. M'masabata awiriwo sindinamve mayi akulira maliro a kachilombo kaja. Nditafunsa, a Gondwe anandiuza kuti ndowayo ndi yanu, ndiponso kuti Thokozire anapulumuka chifukwa munamutchula dzina tsiku lija. Zimenezo kale sindinkafuna kuzimva."

"Koma Levi, mwananga. Masiku anayi aja."

"Levi ndimamulirabe, sindinama. Koma amene anakukakamizani ndine, ndipo anapita ndi dzina, wobatizidwa. Ndatopa kusenza mkwiyo, Amayi. Ndakukhululukirani."

Tamara adapatsira Thokozire khandalo, natulutsa sopo watsopano m'chikwama, napempha beseni ndi madzi ofunda. Adavundukula bulangete, natenga manja aja, owonda, ouma ndi kolorini wa zaka zambiri, nayamba kuwasambitsa chala chimodzichimodzi. Tonse m'nyumbamo tidayamba Tikuoneni Maria, wosathamangitsa, mpaka kumapeto. Atawapukuta, adatenga mwana namugoneka m'manjamo.

Ha! Zaka khumi ndi ziwiri! Amayi Masiye adalira mokweza ngati mwana, kulira kumene adawaletsa kumudzi zaka makumi asanu zapitazo. Kenaka, ndi chala chouma, adalemba mtanda pamphumi pa khandalo.

"Sitinamutche dzina," adatero Tamara. "Bambo ake avomera kuti mumutche ndinu."

Amayi Masiye adayang'ana kankhope kaja. Ndipo dzina limene adalisunga mumtima kuyambira 1975, limene m'maloto linkakana kutuluka, lidatuluka bwinobwino, tonse tikumva.

"Pemphani."

Mawa lake m'mawa, dzuwa litangolowa pazenera, adatsegula maso namwetulira. Mayi amene ankawadwazika adawerama kuti amve.

"Ndamuitana, watembenuka," adatero Amayi Masiye.

Adapinda manja awo pachifuwa, napuma komaliza mwakachetechete, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri. Tidawaika Lolemba, a Gondwe ndi anesi anzawo atanyamula nkhata, Tamara akuyenda kutsogolo pamodzi ndi abale.

Akhristu anzanga, mayiyu sadali wopanda cholakwa, ndipo sadafune kuti timunamizire. Adalakwa chifukwa cha chikondi, adachedwa chifukwa cha mantha, koma adagwada, naulula, ndipo ana amene akadafa akuyenda lero m'misewu ya Biwi ndi Kawale. Ambuye amene adawatumikira ndi mopu ndi sopo awalandire m'kuwala kwawo, ndipo awapumitse mumtendere. Lamulungu likubwerali, pa Misa yachiwiri, tibatiza Pemphani. Pakhomo la tchalitchi mudzapeza ndowa ndi sopo, ndipo amene akufuna kunyamula mwanayo ayambe wasamba.